Mabala a Mbawa ya pa Msika

Ine milandu ya mitengo sindinkaidziwa, ndipo kunena zoona sindinkaifuna. Pa Boma la Luangwa ndinali nditagwira upolisi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga inali ya maukonde obedwa, mbuzi zosowa, ndi amuna ong'ambana milomo atakhuta kachasu wa masau. Koma Lachitatu lina mu Okutobala, chaka cha chilala cha 1995, gulu la anthu a pamsika linalowa pageti likukankha munthu womangidwa manja ndi chingwe cha ukonde.

"Wapha ndani?" ndinafunsa, ndikuvala chipewa.

"Wapha mbawa! Nambala wani, a Sajeni Nyendwa, nambala wani!"

Amene anayankha anali a Lovewell, kapitawo woyang'anira mitengo ya khonsolo, kamunthu kowonda kovala magalasi omangidwa ndi waya. Mitengo yonse ya m'tauni anaipaka manambala ndi penti yoyera, ndipo ukathyola kanthambi kotsukira mano ankakulondola mpaka pakhomo pako. Anthu ankawaseka. Mmawa umenewo palibe amene anaseka, chifukwa bamboyo ankalira misozi yeniyeni, magalasi ali m'manja.

Nambala wani tonse tinkaidziwa. Inali mbawa yaikulu ya pakati pa msika ndi poimira basi ya ku Lusaka. Amene sanakhaleko ku Feira, dzina lakale la Boma la Luangwa, mu Okutobala sangamve zimene ndikunena, kuno dzuwa likafika pamutu ngakhale galu amaleka kuuwa. Pansi pa mbawa imeneyo amayi ankagulitsirapo nsomba, odikira basi ankagonapo masiku awiri kapena atatu, ochokera kuchipatala ankapumirapo ndi odwala awo. Mthunzi wina waukulu chotero m'tauni munalibe.

Womangidwayo anali Yosiya, wosema mabwato, amene kuno amawatcha miyadiya. Munthu wamtali, wa imvi, wosalankhulalankhula. Ndinamumasula chingwe, ndinabweza gulu lija, n'kumukhazika pabenchi. Ndisanatsegule n'komwe buku, iye anati:

"Lembani, a Sajeni. Ndine."

"Ndinu mwatani?"

"Ndinasenda khungwa kuti mtengo uume, a khonsolo andigulitse, ndiseme mwadiya."

"Munasenda ndi chiyani?"

"Ndi mbazo yanga yosemera."

Zaka makumi awiri ndili mu yunifomu, ndinali ndisanaonepo wolakwa wovomera mofulumira chonchi. Ngakhale womupeza mbuzi ili paphewa amayamba wanena kuti mbuziyo ndiyo yamukwera. Ndinalemba, koma mtima wanga unakana.

Panalinso china chondiwawa. Masiku amenewo majisitireti ankabwera mwa apo ndi apo, choncho wa mlandu waukulu tinkamutumiza ku limandi ku Lusaka, ndipo Land Rover yathu inkanyamuka Lachisanu mmawa. Tsono Yosiya anali ndi mwana mmodzi yekha wotsala, Edna. Mtsikanayu anabwera kuchokera ku Kafue pa Isitala atagonekedwa pamatilesi, akudwala matenda aja amene sitinkawatchula dzina. Boma lonse linkadziwa kuti mvula ya chaka chimenecho sadzaiona. Yosiya akakwera Land Rover Lachisanu, mwana wake sadzamuonanso ndi maso.

Ndinamutsekera mu selo, n'kuuza a Lovewell kuti akandionetse mtembowo.

*

Masamba anali atayoyoka, ankangoti tswatswa pansi pa nsapato. Amayi a nsomba anali atasamukira m'mbali mwa khoma la golosale, akudziphimba ndi zitenje, nsomba zikununkha nthawi isanakwane.

Kuzungulira thunthu panali mpanda wa bango, wautali kundiposa ine.

"Ndinamanga ndekha chaka chatha," anatero a Lovewell. "Mbuzi za chilala zimadya khungwa. Ndinati ndiuteteze. Ndinautchinga bwino moti ngakhale ine mwini sindinkaona m'kati. Masamba atayamba kugwa ndinkati ndi ludzu, ndinkauthira madzi ndi wilibala. Lero ndiye ndatsegula."

Ndinalowa. Mayo ine! Khungwa linali litachoka kuzungulira thunthu lonse, kuyambira m'mawondo mpaka pamphumi panga. Koma silinachoke tsiku limodzi. Mabala ena anali akuda, m'mbali mwake mutatupa kusonyeza kuti mtengo unayesa kupola. Ena anali ofiira, utomoni ukadali wonyowa. Ndipo onse anali ang'onoang'ono, kukula ngati chikhatho, oduladula mosalongosoka. Mbazo siluma choncho. Mbazo ikagunda kamodzi imachotsa chibanthu chonse.

Pamwamba pa mabalawo wina anali atapaka matope akuda a kumtsinje. Zala zake zinkaoneka bwinobwino.

"Matopewa mwapaka ndinu?"

"Ine ayi. Ndawapeza choncho."

"Ungachire?"

Anapukusa mutu. "Mtengo umadya ndi khungwa, a Sajeni. Akalidula kuzungulira, mizu imafa ndi njala. Uwu wafa kale, wangotsala kugwa."

Ndinatulutsa fomu. "Pano pafunika ndilembe ndalama zake. Mbawa ngati iyi ingagulidwe zingati?"

Ndinalakwa kufunsa. Bamboyo anavala magalasi n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mukufuna za matabwa? Za matabwa kafunseni akalipentala. Ine ndikuuzeni kuti nditabzala ina lero, inu ndi ine tidzafa isanafike pa denga la msika. Werengani amayi awo ali padzuwa. Werengani makanda amene adzadikira basi pamchenga wotentha zaka makumi anayi zikubwerazi. Mukatha kuwerenga, lembani nambala yaikulu imene ingakwane pa kapepala kanuko. Ndikufuna munthu ameneyu apite ku Lusaka."

"N'chifukwa chiyani mwaloza Yosiya?"

"Anabwera kawiri ku ofesi kudzapempha kuti timugulitse. Ulendo wachiwiri anaukumbatira pamaso panga, ati mungatuluke mwadiya wonyamula anthu makumi awiri. Ndinamuthamangitsa. Komanso Langford anamuona."

*

Langford ankagulitsa tiyi ndi vitumbuwa poimira basi. Anakhalako ku Lusaka miyezi isanu ndi umodzi yokha, koma Chinyanja chake chinabwerako chitavala suti. Ndisanakhale pansi anali atanditsanulira kale tiyi.

"Ba Sajeni, ine siningakunamizeni, nine mboni namba wani. Ine nimauka kukali kamdima, nayasha mbaula, naika poto. Manje pa Mande naona mudala Yosiya abwera so, ayangana uku, ayangana uku, angena mu mpanda. Na wiki yatha futi, kawiri. Ninakamba mumtima ati, awe, apa pali nkhani."

"Ananyamula chiyani?"

"Chitini. Cha mafuta yophikira chija, cha faifi lita."

"Mbazo?"

Anakanda kumutu. "Mbazo... mwina inali mu shati."

"Langford, mbazo ingalowe mu shati?"

"Awe, ba Sajeni, sininaione. Koma mudala uja ni wochenjera maningi."

"Unamva kugogoda?"

"Iyayi. Zii chabe."

"Potuluka anali bwanji?"

"Manja yakuda bii, mpaka mu vigongono. Anasamba paja pa dilamu yanga, osapempha futi."

"Miyezi yam'mbuyomu, usanamuone iyeyo, panalowapo wina?"

"Ine mbaula nayamba mu Seputembala chabe. Elo kuseni, kukali kamdima, bamai bapita bambiri ku mumana kukatapa manzi na vigubu, ningaziwe bwanji uyu wangena, uyu sanangene?"

Ndinamwa tiyi wake, anali wozizira shuga. Mboni yaikulu ya mlandu wanga inaona munthu akulowa ndi chitini n'kutuluka ndi manja a matope, basi.

*

Ndinatsikira kudoko, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Madzi anali ataphwa, miyadiya ili ndandanda pamchenga kudikira owolokera ku Zumbo. Ndinapeza Tobiyasi, mkulu wopalasa amene miyadiya yake yonse itatu inasemedwa ndi Yosiya. Anali kusoka ukonde ndipo sanadzutse mutu.

"Mwamanga munthu wolakwika," anatero ndisanapereke moni.

"Wavomera yekha. Akuti anasenda kuti uume, aseme mwadiya."

Apo ndiye anaika ukonde pansi. Anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe.

"Imwe a Sajeni ndimwe a kumtunda, mwadiya muudziwa lini. Bwerani kuno."

Anthu a padoko akati "lini" ndiye kuti ayi. Ananditengera pa bwato lina lotayidwa m'bango. Linali long'ambika kuchokera kumutu mpaka pakati, mng'alu woti dzanja n'kulowa.

"Uyu anasema mkamwini wanga, na muti wouma. Mwezi umodzi, waona? Mwadiya usemedwa na muti wauwisi. Mwagwetsa lero, mawa mbazo yalowa, madzi akali m'thupi. Muti ukauma uli chiimire ung'ambika m'kati, tizilombo tiuboola, usanduka nkhuni. Mwana wa zaka khumi pano padoko adziwa. Yosiya wasema zaka makumi atatu. Kuba muti angabe, kugwetsa angagwetse. Koma kuumitsa mbawa dala? Angachite lini, olo ataledzera."

"Nanga akunamiranji?"

Tobiyasi anatola ukonde wake n'kuyambanso kusoka.

"Ine nipalasa chabe, a Sajeni. Za m'nyumba za anthu nizidziwa lini."

Sindinali nditatchula nyumba ya munthu aliyense.

*

Pobwerera ndinadzeranso pa mbawa. Dzuwa linali litapendeka, likulowa pa khomo la mpanda n'kuwala pathunthu. Linagwera ndendende pa mabala akuda aja, akale. Ndinazungulira kuseri. Mabala ena akale anali kumeneko, moyang'ana kotulukira dzuwa. Ofiira, atsopano, anali m'mbali ziwiri zotsalazo.

Ndinakhala pamuzu.

Chaka chimodzi m'mbuyomo ndinali nditaika mng'ono wanga Limbani kwathu ku Katete, matenda omwewa. Ndinakumbuka amayi anga akupita kuthengo mbandakucha ndi kampeni. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa lamulo lake: khungwa la mankhwala umatenga kum'mawa ndi kumadzulo kokha, mbali zinazo umazisiya kuti mtengo ukhale ndi moyo. Khungwa la mbawa ndi lowawa, amaliwiritsa, madzi ake amafiira, amamwetsa wa chifuwa ndi wotentha thupi.

Munthu ameneyu sanabwere kudzapha mtengo. Anayamba mwa lamulo, miyezi yambiri, mpaka kum'mawa ndi kumadzulo kunatha. Ndinaimirira n'kuyezanso. Bala lapamwamba kwambiri linali pamphumi panga, pamene dzanja lake linalekezera atanyanyamphira. Yosiya amandiposa ine ndi mutu wonse. Mkazi wake, Mai Thecla, sandifika n'paphewa pomwe.

*

Lachinayi mmawa ndinalowa mu selo ndi makapu awiri a tiyi. Yosiya anali atakhala pansi, atatsamira khoma. Sanagone.

"A Yosiya, munthu wopha mtengo saupaka matope."

Analandira kapu, ine n'kupitiriza.

"Ndiponso wosema miyadiya saumitsa mbawa. Tobiyasi wandiseka dzulo chifukwa cha bodza lanu. Mabala aja ndi a mpeni wa kukhitchini, ndipo anayambira kum'mawa."

Kapu ija sanaifikitse kukamwa. Anaiika pansi mosamala.

"Ndinadziwa mochedwa," anatero. "Ndinkaona madzi ofiira m'nyumba, sindinkafunsa kumene akuchokera. Sabata yatha ndinamutsatira. Nditalowa mu mpanda muja ndinagwira pakamwa. Ndinayesa matope, a Sajeni, ndinayesa katatu. Mtengo uja ndinkaufuna, sindikana, koma osati chonchi."

"Nanga bwanji osanena zoona?"

Anandiyang'ana koyamba chibwerere.

"Mukamutenga Thecla, Edna adzamusambitsa ndani? Ndani adzamusintha nsalu akadziipitsira? Ine ndine tate wake. Mwana wamkazi wamkulu sindingamuvule, sindingamukhudze m'thupi. Ndimangokhala pakhomo ngati mlendo, kumva akubuula. Achibale anathawa kale, akuopa mbale zathu. Pa nyumba ija wosafunika ndine. Ndiye tengani ine."

"Mukapita ku Lusaka mawa simudzamupeza."

"Ndikudziwa."

Ananena mawu amenewo mosakweza, kenaka anabisa nkhope m'manja. Mwamuna wamkulu, wa imvi, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatuluka msanga nditabisa nkhope nanenso, chifukwa sindinafune kuti akonsitebo andione.

*

Nyumba yawo inali kumunsi, kufupi ndi mtsinje, ya njerwa zosawotcha. Padenga la khitchini panali tizidutswa ta khungwa tikuuma. Pamafuwa panali mphika wofiira m'kati mpaka m'milomo. Sindinafunikire kufufuza kalikonse, zonse zinali poyera.

Mai Thecla anatuluka ndi beseni la nsalu zonyowa. Kamayi kakafupi, maso olowa m'kati chifukwa chosagona. Ataona yunifomu anaika beseni pansi n'kupukuta manja pachitenje.

"Mwabwera kudzanditenga? Dikirani ndimupukute kaye, wangosanza kumene."

"Sindinabwere kudzakutengani, amayi. Ndikufuna mundiuze."

Tinakhala pakhonde. Analankhula motsitsa mawu, maso ali pakhomo la chipinda.

"Kuchipatala anatipatsa mapanado n'kutiuza kuti tikamusamalire kunyumba. Ndinawoloka kupita kwa sing'anga ku Zumbo. Anati khungwa la mbawa, kum'mawa ndi kumadzulo, dzuwa lisanatuluke, osapereka moni kwa munthu panjira. Ndinafunafuna, a Sajeni. Mbawa za m'mbali mwa mtsinje zinatha kale, zina anasema ndi mwamuna wanga yemweyo. Zotsala zili kutali, kwa njovu, ulendo wa tsiku lonse. Mwana ndikanamusiya ndi ndani? Yotsala pafupi inali ya nambala ija."

"Mbali ziwiri zija zitatha?"



"Ndinaima m'menemo ndi mpeni, ndikudziwa kuti mbali zinazi n'zoletsedwa. Amayi anga anandiphunzitsa, sindine mwana. Koma dzulo lake Edna anali atamwa madzi aja n'kukhala tsonga, n'kupempha phala. Phala, a Sajeni! Patapita masabata awiri osadya. Inu mukanatani? Ndinati kachidutswa kamodzi kokha. Mawa lake ndinatinso kamodzi kokha."

"Bwanji simunapemphe a Lovewell?"

"Ndikanati ndikufuna khungwa la chiyani? Pofika masana msika wonse ukanakhala ukutchula matenda a mwana wanga ndi dzina. Ankanong'ona kale, koma kunong'ona n'kwina."

M'chipinda munamveka kutsokomola, kenaka mawu ang'ono ngati a mwana.

"Amama, ndani?"

"A Sajeni, mwanangu. Angodutsa."

Ndinavula chipewa n'kusuzumira. Edna ndinkamudziwa ali mtsikana wonenepa woimba kwaya. Pamphasa panali mafupa ofunda chitenje, ndi maso aakulu. Anayesa kumwetulira.

"A Sajeni, mwachokera kudoko? Atata abwera ku Zumbo? Amama akuti anapita kukapereka mwadiya."

Ndinayang'ana mayi ake. Anandiyang'ananso osaphethira.

"Abwera lero, mwanawe," ndinatero. "Dzuwa lisanalowe akhala ali pano."

"Muwauze afulumire. Ndili ndi mawu awo."

Mai Thecla anandiperekeza mpaka pa mpanda. Pamenepo anandigwira mkono wa yunifomu, chinthu chimene mayi wa kuno sachita kwa wapolisi.

"Mapazi azizira kuyambira mmawa. Kuzizirako kwafika m'mawondo. Musachedwe, ndapota nanu."

Nthawi inali teni koloko.

*

Apa ndiye pamene ndinalakwira, ndipo ndinena mosabisa. Ndikanatha kupita molunjika ku polisi n'kumutulutsa Yosiya pa bondi, belo ya kupolisi, mphamvu imeneyo ndinali nayo. Koma ndinaganiza za gulu lija la chingwe. Ndinaganiza za abwana anga amene anali ku Lusaka, ndi anthu amene akanati Nyendwa wadya nsomba za Yosiya n'kumasula munthu wovomera yekha mlandu. Ndinati ndichite mwadongosolo, wodandaula achotse yekha dandaulo lake papepala. Land Rover inali ya mawa. Ndinkaona ngati nthawi ndili nayo.

A Lovewell ku ofesi kunalibe. Ndinawapeza patapita maola awiri ku nazale yawo kuseri kwa msika, akuthirira timbande ta m'mapepala a shuga ndi madzi a mu wilibala. Ndinawauza zonse, osasiya kanthu.

Poyamba anakwiya. Anaponya chitini pansi.

"Ndiye chifukwa munthu akudwala, tauni yonse ipse ndi dzuwa? Odwala ali nyumba iliyonse, a Sajeni! Aliyense akatenga mpeni, kutsala mtengo pano?"

"Sindikutsutsa."

"Mayi ameneyo wapha chinthu chimene sangachibweze!"

"Akudziwa. Mwana wakenso sangamubweze."

Anakhala pa wilibala, n'kuvula magalasi. Atayambanso kulankhula, mawu anali atasintha.

"Akanandipempha. Mulungu wanga, akanangondipempha! Chaka chilichonse ndimadulira nthambi za pamwamba zoopseza denga la msika. Nthambi imodzi yokha ili ndi khungwa lokwana chaka chathunthu, ndipo mtengo sumva n'komwe. Mu Juni ndinadula zitatu. Ndinazipereka kwa ophika kachasu ngati nkhuni."

"Ankaopa."

"Ankaopa ine. Ndinawaopseza onse ndi penti yanga, mpaka mayi wa mwana wodwala akulowa ngati mbala mu mpanda umene ndinamanga ndekha." Anapukuta maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Edna uja ali ku pulaimale ankabwera kuno ndi anzake kudzandithandiza kuthira dothi m'mapepala. Mitengo ya kumsewu wa kuchipatala, ina anabzala ndi iyeyo."

"Ndiye ndilembe chiyani pa fomu?"

"Musalembe kanthu. Ndilemba ndine kalata. Ndinena kuti ndaunikanso, mtengo wauma ndi chilala, palibe wolakwa." Anaseka pang'ono mowawa. "Zaka makumi awiri ndi zisanu sindinanamepo za mtengo."

Tinapita ku ofesi. Kalata inafunika kutayipidwa ndi kudindidwa, ndipo wosunga chidindo anali atapita kumaliro, masiku amenewo maliro anali a tsiku ndi tsiku. A Lovewell anati, "Pitani mukamutulutse, kalata ikupezani." Ine ndinati ayi, ndidikira, ndinyamule pepala m'manja. Ndinakhala pabenchi ya pakhonde ndikudzikupiza ndi chipewa. Ndinamva belu la kusukulu likulira, ana akuweruka. Chidindo chinafika cha m'ma foro koloko.

*

Nditatsegula selo n'kumuonetsa kalata, Yosiya sanaiwerenge.

"Thecla?"

"Palibe amene amukhudze. Tiyeni, mwana akukufunani."

Sanadikire kuti timubwezere lamba ndi nsapato. Anatuluka chothamanga, dzanja limodzi litagwira buluku, mapazi ali pamchenga wotentha. Ine ndi mimba yangayi ndinkapuma ngati ng'ombe pambuyo pake. Tinadutsa msika, amayi a nsomba anatiyang'ana. Dzuwa linali likadali pamwamba pa mapiri a kutsidya, ndipo ndinadziuza kuti lonjezo langa ndasunga.

Titatsala pang'ono kufika pa mpanda, tinamva.

Anali mawu a mayi mmodzi, okwera n'kutsika, osapuma. Kenaka ena awiri anamulandira.

Yosiya anaima. Sanagwe, sanakuwe. Anangoima pakati pa njira, dzanja likadali pa buluku, kukamwa kuli yasa. Tobiyasi anatuluka pa mpanda atavula chipewa n'kubwera kudzamugwira paphewa.

"Liti?" anafunsa Yosiya.

"Belu la sukulu litangolira."

"Ananena kanthu?"

Tobiyasi anayang'ana pansi. "Anafunsa kawiri ngati mwadiya wa ku Zumbo wakocheza. Mai ake anati, nena kwa ine, ndidzawauza. Mwana anati iyayi, ni mawu ya atata, niwadikira."

Ndinafuna kuti Yosiya andimenye. Ndikunena zoona, akanandiwomba khofi pamaso pa anthu onse aja ndikanamuthokoza, ndipo sindikanalemba m'buku. Koma anatembenuka, n'kuwomba m'manja kawiri mwaulemu monga amachitira anthu a kuno.

"Zikomo, a Sajeni. Mwavutika nafe."

Analowa m'nyumba. Panthawiyo panalibenso chomuletsa kukhudza mwana wake, ndipo ndinamumva kudzera pazenera akumuitana dzina, mobwerezabwereza, ngati akumudzutsa kuti apite kusukulu.

Ine sindinalowe. Ndinakhala pansi panja pa mpanda, kalata yodindidwa bwino ili pabondo. Kuchokera pa nyumba imeneyo kukafika ku polisi ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu, ndipo kiyi ya selo inali m'thumba langa kuyambira mmawa.